Mapaundi asanu a pamwezi: kodi ndikuwataya?

NaPhiri (Leeds):
Abale, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule pano. Chiyambire Januwale ndakhala ndikupereka £5 mwezi ndi mwezi ku kagulu kena konkuno kotchedwa Media Lens. Ndi azibambo awiri, David Edwards ndi David Cromwell, anayamba mu 2001. Ntchito yawo ndi kuwerenga zomwe BBC, Guardian ndi nyumba zina zikuluzikulu zalemba, n'kumaonetsa pomwe zapotoza kapena pomwe zadumpha dala. Alibe otsatsa malonda, amakhalira zopereka za owerenga ngati ine. Dzulo bambo a kunyumba aziona pa pepala la kubanki ndipo sanasangalale. Akuti pa chaka ndi £60, ndalama yoti ingathandize pa feteleza wa amayi ku Dedza. Sindinawayankhe chifukwa sakunama. Koma kusiya mtima ukukana. Ndiuzeni mosabisa, ndikutaya ndalama?

Mai a Tadala (Luton):
Achemwali, ine ndili mbali ya alamu anga. Azungu awiri akukangana ndi azungu anzawo pa nkhani za dziko lawo, inu mukulowapo bwanji? Tinabwera kudzagwira ntchito. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

NaPhiri (Leeds):
Mai a Tadala, inenso ndinkaganiza chomwecho mpaka chaka chatha nthawi yozizira. Kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira kunabwera oyendera ntchito, lipoti lawo silinatuluke bwino. Lipotilo linadzudzula mabwana, kuti usiku timatsala anthu awiri okha mbali yonse ya kumtunda. Nyuzipepala ina ya kudera lathu inatenga nkhaniyo n'kuitembenuza, inati antchito ochokera kunja sadziwa Chingerezi ndipo akugoneka okalamba ndi njala. Anaikapo chithunzi cha mnzanga wa ku Zimbabwe chojambulidwa chakumbuyo ali pa siteji ya basi, yunifolomu ikuonekera pansi pa jekete. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anafunsidwa.

Lamlungu lotsatira kunabwera mwana wa gogo wina yemwe ndakhala ndikumusamala zaka ziwiri. Gogoyo sadya ngati si ine ndagwira supuni, ndimachita kumuimbira kanyimbo kaye. Mwana wakeyo anatulutsa nyuzipepala ija m'chikwama, yopindapinda, n'kuiyala patebulo pafupi ndi kapu ya tiyi, nkhani ija ili pamwamba. Sanalankhule. Ananditenga supuni m'manja. Ndinapita kukalira kochapira zovala.

Tinalembera mkonzi anthu asanu ndi mmodzi. Patatha masabata asanu anaika timizere titatu kunsi kwa tsamba la mkati, pafupi ndi malonda a matayala. Ndani anawerenga? Kuyambira pamenepo ndinafuna kudziwa kuti nyuzipepala ikalakwa amaifunsa ndani.

Mai a Tadala (Luton):
Pepani achemwali, izi sindinkazidziwa. Zowawa zedi.

Malume Chisale (Manchester):
Mwana wanga NaPhiri, pepa. Funso lakolo ndi lomwe ine ndinadzifunsa mu 2003, ndili ndi chaka chimodzi chokha kuno. Ana inu ambiri munali ku pulayimale, ndiye ndiloleni ndifotokoze bwino.

Mu Seputembala 2002 boma la Tony Blair linatulutsa chikalata chonena kuti Iraq ili ndi zida zoopsa zomwe ingathe kuzikonzekeretsa m'mphindi 45. Nyuzipepala monga The Sun ndi Evening Standard zinaika mphindi 45 zimenezo pa mitu ya nkhani ndi zilembo zikuluzikulu. Ngakhale Observer, yomwe anthu ankaiona ngati ya anthu ofatsa, inavomereza nkhondo. Sikuti zonse zinagona, Daily Mirror inakana poyera. Pa 15 Febuluwale 2003 ine ndinakwera basi m'bandakucha kupita ku London kukayenda nawo pa zionetsero, anthu pafupifupi miliyoni, kuzizira kofa nako. Nkhondo inayambabe mu Malichi. Zida zija sizinapezeke. New York Times ya ku America inavomera mu Meyi 2004 kuti sinafunse mokwanira. Lipoti la Chilcot, lofufuza momwe Britain inalowera nkhondoyi, linadzatuluka mu Julayi 2016, patatha zaka 13, anthu atatha kale ku Iraq.

Nthawi yonseyo a Media Lens ankalembera atolankhani mmodzimmodzi kuwafunsa kuti umboni wa izi uli kuti, n'kuika mayankho awo poyera kuti aliyense adziwerengere. Ankalimbikitsanso owerenga kulemba makalata, koma mwaulemu, osatukwana. Chomwe chinandikopa ndi chakuti sankalimbana kwambiri ndi nyuzipepala zaphokoso zomwe aliyense amadziwa khalidwe lake. Ankalunjika pa BBC ndi Guardian, zomwe ife timazikhulupirira ngati Baibulo. Kwathu kuja munthu akati "ndamva pa BBC" mkangano umathera pomwepo.

Kondwani (Liverpool):
Malume, ndiye mukuti BBC imanama?

Malume Chisale (Manchester):
Ayi mphwanga. Kunama kwenikweni n'kosowa. Chomwe chimachitika ndi kusankha: ndani ayankhule koyamba, ndani apatsidwe mphindi zisanu, ndani atchulidwe kumapeto kapena asatchulidwe n'komwe. Nduna ikayankhula amati "boma lati", munthu wamba akayankhula amati "ena akudandaula". Ukamamvera tsiku ndi tsiku umayamba kuona dziko ndi maso a nduna osadziwa.

Che Jafali (Blantyre):
Moni nonse a kunjako. Ine ndagwirapo utolankhani zaka zisanu ndi zitatu ndisanayambe bizinesi, ndiye ndiloleni ndinene za kukhitchini. Mtengo womwe mumagulira nyuzipepala pamsewu sukwanira ngakhale pepala ndi inki. Ndalama zenizeni zimachokera kwa otsatsa malonda: mabanki, makampani a foni, boma. Tsiku lina ndinalemba nkhani ya kampani ina yaikulu yomwe inkadula antchito ndalama za penshoni osazipereka komwe zimayenera kupita. Ndinali ndi mapepala onse, ndinayenda wapansi ku Ndirande kukacheza ndi mayi wina wamasiye yemwe mwamuna wake anagwira kumeneko zaka zambiri. Madzulo nkhani ili kale pa tsamba, bwana wa zamalonda analowa mu ofesi ya mkonzi n'kutseka chitseko. Potuluka, mkonzi sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, "Tiisunge kaye, tiione bwino." Sabata yomweyo kampani ija inagula tsamba lathunthu la utoto. Nkhaniyo sinatuluke mpaka lero. Mayi uja anandiimbira kangapo, kenako anasiya.

Palibe anandiopseza, palibe anandilamula kunama. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, basi. Ndipo chaka chachiwiri sufunikanso kuuzidwa, umadziwa wekha nkhani zosayenera kuziyamba.

Malume Chisale (Manchester):
Che Jafali, zimenezo si za kwathu kokha. Mu Febuluwale 2015 Peter Oborne, yemwe anali mkulu wolemba zandale ku Daily Telegraph, anasiya ntchito n'kulemba poyera kuti nyuzipepala yakeyo inkachepetsa nkhani yokhudza banki ya HSBC ndi anthu ozemba misonkho ku Switzerland chifukwa bankiyo inkatsatsa malonda mmenemo. A Telegraph anakana. Koma munthu wamkulu choncho sasiya malipiro ake chifukwa cha maloto.

Che Jafali (Blantyre):
Kuno tinaona mu 2010, nthawi ya a Bingu, maofesi a boma atasiya kutsatsa malonda mu nyuzipepala za Nation. Sipanafunike kutseka makina osindikizira, kungotseka mpopi. Onjezanipo chipondamthengo, kaenvulopu komwe mtolankhani amalandira akapita pa msonkhano. Sindikuwanyoza anzanga, ndikudziwa malipiro awo. Koma amene wakupatsa ya minibasi sungakamulembe zoipa mawa lake.

Mai a Tadala (Luton):
Chabwino, ndamva. Koma kuno kuli malamulo. Si kuli bungwe lomwe umakadandaulako nyuzipepala ikakulakwira? Bwanji osapita kumeneko kwaulere m'malo molipira anthu awiri omwe alibe mphamvu yolanga aliyense?

Kondwani (Liverpool):
Anti, liripo, dzina lake IPSO. Ndinaziphunzira ku koleji. Linayamba mu 2014, pambuyo pa chipwirikiti cha News of the World, nyuzipepala ya Rupert Murdoch yomwe atolankhani ake ankamvera mobisa mauthenga a m'mafoni a anthu, mpaka foni ya mtsikana wophedwa. Inatsekedwa mu Julayi 2011 itakhala zaka 168, kenako kunabwera kafukufuku wa woweruza Leveson pa khalidwe la nyuzipepala, lipoti lake mu Novembala 2012. Tsono vuto ndi ili: ndalama zoyendetsera IPSO zimachokera kwa eni nyuzipepala omwewo. Ili ndi mphamvu yolipiritsa mpaka £1 miliyoni koma zaka khumi zoyambirira sinalipiritse ndi imodzi yomwe. Guardian ndi Financial Times sizili mmenemo, zimadziweruza zokha.

China chomwe chikutikhudza ife: lamulo lawo loletsa tsankho limateteza munthu payekha, osati gulu. Mu Epulo 2015 Katie Hopkins analemba mu The Sun kufanizira anthu othawa kwawo ndi mphemvu. Mkulu wa za ufulu wa anthu ku United Nations anadzudzula, anthu anadandaula, koma madandaulo a tsankho sanapite patali chifukwa sanatchule munthu ndi dzina. Ndiye akalemba kuti "antchito ochokera kunja" achita chakuti, khomo la tsankho ndi lotseka. Lotsala ndi la kulemba zabodza, ndipo pamenepo uyenera kuonetsa mzere weniweni womwe ndi wonama.

NaPhiri (Leeds):
Mphemvu. Mawu omwewo ankanenedwa pa wailesi ku Rwanda mu 1994.

Kondwani (Liverpool):
Eya anti. Koma ndikufuna ndikuuzeni zomwe ndaona kuno ku Liverpool, chifukwa owerenga ali ndi mphamvu kuposa momwe timaganizira. Pa 15 Epulo 1989 anthu anapanikizana pa bwalo la mpira la Hillsborough ku Sheffield, ochemerera timu ya Liverpool. Omwe anafa chifukwa cha tsikulo anafika 97. Patangotha masiku anayi The Sun inalemba pa tsamba loyamba kuti ochemerera ankabera anthu akufa ndi kumenya apolisi omwe ankathandiza. Linali bodza. Mzinda wonse unasiya kugula nyuzipepalayo. Mpaka lero, zaka zoposa 30, masitolo ambiri kuno saigulitsa, pa matakisi ndi pa mawindo pali timapepala toletsa kuigula. Tsiku langa loyamba pa ntchito ya mabasi mzungu wina wachikulire anandionetsa pokhala, pomwera tiyi, kenako anandigwira paphewa n'kunena kuti nyuzipepala imeneyo isadzalowe m'chipinda chino. Mchimwene wake anali pabwalopo tsiku lija. The Sun inadzapepesa pa tsamba loyamba mu 2012, lipoti la akatswiri litatsimikiza kuti ochemerera analibe mlandu ndipo apolisi anasintha maumboni. Amene anagwira nkhaniyo zaka zonsezo anali makolo a ana omwe anafa, makamaka amayi.

Achimwene a ku Joni:
Ndalowa mochedwa, ndinali ku shifiti. Kuno ku South Africa banja la Gupta linali ndi nyuzipepala yakeyake, The New Age, ndi kanema wake ANN7, ndipo makampani a boma ankathiramo ndalama. Omwe anavundukula maimelo awo mu 2017 anali atolankhani a amaBhungane ndi Daily Maverick, pamodzi ndi News24. amaBhungane si kampani yofuna phindu, imakhalira zopereka. Daily Maverick inayamba mu 2018 kupempha owerenga kuti azisonkha mwezi ndi mwezi momwe angathere, nkhani n'kukhalabe zaulere kwa aliyense. Ine ndimasonkhako pang'ono. Achemwali a ku Leeds, simuli nokha.

Mai a Tadala (Luton):
Ndiloleni ndifunsebe, chifukwa ndikuona ngati nonse mwapita mbali imodzi. Mwati wolipira ndiye amalamula nyimbo. Nanga owerenga akakhala olipira, sadzalamula nyimbo iwonso? Anthu awiri a Media Lens aja akadziwa kuti owapatsa ndalama amakonda kumva BBC ikudzudzulidwa, adzalimba mtima kunena tsiku lina kuti apa BBC yachita bwino? Kapena kuti apa ifeyo tinalakwitsa?

Malume Chisale (Manchester):
Mai a Tadala, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilithawa. Inde, owerenga akhoza kukhala bwana wankhanza. Munthu akhoza kuopa kutaya omutsatira monga momwe mkonzi amaopera kutaya banki. Ndipo a Media Lens ali ndi owadzudzula ambiri. Mu 2011 George Monbiot wa ku Guardian, yemwe si munthu wa makampani, anawadzudzula kuti ankaikira kumbuyo zolemba za Edward Herman ndi David Peterson zomwe iye anati zinkachepetsa kuphedwa kwa anthu ku Srebrenica (Bosnia) ndi ku Rwanda. A Media Lens anayankha kuti sanavomereze kuphedwa kwa aliyense. Ine ndinawerenga mbali zonse ziwiri ndipo pa Rwanda mtima wanga sunakhutire nawo. Ndili ndi mnzanga wa kutchalitchi yemwe anataya abale ake onse mu 1994. Pa nkhani imeneyo sindifuna kumva munthu akuzungulira.

Komabe sindinasiye kuwawerenga, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Akadzudzula nkhani amaonetsa mawu enieni omwe analembedwa, tsiku lake, ndi komwe ungakawapeze. Ndiye ukhoza kupita wekha kukaona ngati akunena zoona. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Amene amandipatsa njira yoti ndimutsutse, ndimamumvera ngakhale ndisagwirizane naye. Ndiponso pali kusiyana pakati pa mabwana awiriwa. Banki imodzi ikachoka, nyuzipepala imagwedezeka sabata yomweyo. NaPhiri akachotsa £5 yake, anthu aja amadyabe nsima. Kuti uwatseke pakamwa uyenera kukopa anthu mazanamazana mmodzimmodzi.

Che Jafali (Blantyre):
Malume anena zomwe ndinkafuna kunena. Ndikanakhala ndi owerenga okwana ondipatsa kangachepe aliyense, nkhani ya mayi wa ku Ndirande ikanatuluka. Koma ndionjezere chenjezo. Kudzudzula nyuzipepala n'kosavuta poyerekeza ndi kutola nkhani. Wodzudzula amakhala pa kompyuta. Mtolankhani amakhala pa benchi la kukhoti tsiku lonse, amatukwanidwa, amamangidwa. Kuno Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism apolisi anamugwira mu Epulo 2022 n'kumulanda foni ndi kompyuta, akufuna awulule amene anamupatsa chikalata pa nkhani yokhudza wamalonda Zuneth Sattar. Sanaulule. Tikamalankhula zosonkha tisaiwale anthu ngati amenewa. Ndimaopa achinyamata akamafika poti "onse ndi abodza" n'kuyamba kukhulupirira chilichonse chomwe chabwera pa WhatsApp. Kumeneko ndiye kulibe mkonzi, kulibe wopepesa, kulibe ngakhale timizere titatu tija.

Kondwani (Liverpool):
Zoona a Jafali. Ndipo nkhani ya mafoni ija anaivundukula ndi Nick Davies wa Guardian yomweyo. M'nyumba zikuluzikulu muli anthu olimba mtima.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi cha Post Office. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi anazengedwa milandu ya kuba chifukwa cha makina a kompyuta otchedwa Horizon omwe ankaonetsa ndalama zosowa pomwe sizinasowe. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba, ena anadzipha. Yoyamba kulemba inali magazini yaing'ono ya zamakompyuta, Computer Weekly, mu 2009. Magazini ina, Private Eye, inapitiriza. Mlandu wa anthu 555 utafika ku khoti lalikulu mu 2018, mtolankhani Nick Wallis anapempha owerenga kuti amusonkhere kuti azikhala m'khotimo tsiku ndi tsiku n'kumalemba zomwe zanenedwa. Anthu wamba anasonkha. Dziko lonse linadzadzuka mu Januwale 2024 sewero la nkhaniyi litaonetsedwa pa kanema wa ITV, patatha zaka pafupifupi 15 chilembere nkhani yoyamba.

Mai a Tadala (Luton):
Sewero limenelo ndinaonera, ndinalira. Sindinkadziwa kuti panali munthu yemwe anachita kusonkheredwa.

Ndinene chilungamo, inenso ndili ndi changa. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 atafa kwathu, ku Chilobwe matope atakwirira nyumba, ine ndinali pa shifiti ya usiku ndikudikira pa kanema wa mu wodi kuti anene za kwathu. Ananena, koma mofulumira, kenako anapita ku nkhani zina. Azakhali anga ali ku Mulanje, foni sinkalowa masiku atatu. Zomwe ndinadziwa ndinazidziwira pa Zodiak ya pa intaneti ndi kwa inu nomwe pano. Chikhalirecho laisensi ya kanema, ndalama zomwe zimayendetsa BBC, ndimalipira chaka ndi chaka, mu 2024 inali £169.50. Sindinaganizepo kuti ndingawalembere kuwafunsa.

Malume Chisale (Manchester):
Mungathe mayi, ndipo ndi ufulu wanu chifukwa mumalipira. BBC ili ndi njira yake yolandirira madandaulo, ndipo mukapanda kukhutira mumapita ku Ofcom, nthambi yoona za mawailesi ndi makanema, yomwe yakhala ikuyang'anira BBC kuyambira 2017. Anthu a kuno amalemba ngakhale pa zazing'ono, n'chifukwa chake amawaopa. Ife timangodandaulirana kukhitchini. Kumbukiraninso kuti makampani atatu okha, eni ake a Daily Mail, a The Sun ndi a Daily Mirror, ndi omwe ali ndi pafupifupi 90 pa 100 ya nyuzipepala za dziko lonse zomwe zimagulitsidwa kuno, malinga ndi Media Reform Coalition. Anthu ochepa choncho akamasankha zomwe dziko lonse liwerenge pa nkhani ya osamalira okalamba, ife tikangokhala chete adzatilembera mbiri yathu okha.

Achimwene a ku Joni:
Otsatsa malonda nawonso amamva. Kumeneko kwanu mu 2016 kampani ya zidole ya Lego inasiya kugwira ntchito ndi Daily Mail gulu la Stop Funding Hate ndi makolo atadandaula za momwe inkalembera za anthu obwera.

NaPhiri (Leeds):
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Mai a Tadala, funso lanu lija landikhala. Za Rwanda zomwe anena malume sindinkazidziwa, ndikaziwerenga ndekha mbali zonse ndisanapitirize. Bambo a kunyumba ndikambirana nawo madzulo ano, ndiwaonetsa zonsezi. Feteleza wa amayi sadzalephera, ndatenga kale shifiti ina ya Loweruka. Maganizo anga pakali pano ndi oti £5 ija ndiigawe, ina ipite kwa otola nkhani kwathu monga anenera a Jafali.

Koma pali china chofulumira. Nkhani ija ya kuntchito kwathu idakali pa intaneti ndi mutu womwewo, chithunzi cha mnzanga chidakalipo. Akafunsira ntchito kwina amaopa kuti aiona. Kondwani, nthawi yodandaulira inatha?

Kondwani (Liverpool):
Ya papepala ndi miyezi inayi anti, imeneyo yadutsa. Koma ngati nkhani idakali pa intaneti amalola mpaka miyezi 12 chiitulutsire. Onani tsiku lomwe inalembedwa, ndipo tione kaye ngati nyuzipepalayo ili mu IPSO. Nditumizireni kumbali nkhaniyo, lipoti la oyendera ntchito, ndi kalata yomwe munalembera mkonzi pamodzi ndi yankho lake. Tiziika mbali ndi mbali, mzere womwe analemba ndi mzere womwe uli mu lipoti. Za chithunzi ndi bwino adandaule mwini wake.

Che Jafali (Blantyre):
Mukalemba munditumizire ndiione. Ikhale yaifupi, tsamba limodzi, yopanda mkwiyo. Mutchule zomwe mukufuna: mutu usinthidwe, chithunzi chichotsedwe.

Mai a Tadala (Luton):
Achemwali, mufunseni mnzanuyo ngati angalole kuti ndimuimbire. Loweruka ndili kunyumba, ndingakwere sitima kubwera ku Leeds tikalembere limodzi.

NaPhiri (Leeds):
Ndaona tsiku lake, yatsala ndi masabata asanu ndi awiri. Ndimuimbira ndikaweruka 8 koloko. Mai a Tadala, Loweruka ndili pa shifiti mpaka 2 koloko masana, mufike cha m'ma 3.